Nkhope timaidziwa, dzina ayi: Zakes Mokae anali ndani?

Kanyimbi_BT
Anzanga pagulu pano, ndithandizeni. Dzulo usiku ndimaonera A Dry White Season, filimu ya 1989 ya nkhani za tsankho ku South Africa. Muli bambo wina woyendetsa takisi, dzina lake mufilimumo ndi Stanley, amene amatenga mphunzitsi wachizungu uja n'kupita naye ku Soweto kuti akaone ndi maso ake mtembo wa wantchito wake wophedwa ndi apolisi. Atangotulukira bamboyu mtima wanga unagunda. Nkhope imeneyi ndaidziwa kuyambira ndili mwana. Ndi yemwe uja anatisowetsa tulo titamuona mu vidiyo sho ku Ndirande, mkulu wa apolisi wokhwima uja wa mu The Serpent and the Rainbow, filimu ya nkhani ya ku Haiti ija. Ndi yemwenso uja dokotala wa ku Zaire mu Outbreak. Ndinadikira mayina a kumapeto aja, ndipo ndinapeza kuti ndi Zakes Mokae. Zaka zonsezi dzinali sindinalimvepo.

Munthuyu anali ndani? Chikundiwawa n'chakuti munthu waluso chotere ankangomupatsa mphindi zochepa, lero mfiti, mawa dokotala wa kumudzi, mkuja wansembe, pamene ena oti sangamufike n'komwe mayina awo ali pamwamba pa chikuto. Kodi ndi tsankho lomwelo, kapena pali china chimene ine sindikuchidziwa?

Mlamu_wa_Chirimba
Eee, wozunza mkaidi ndi msomali uja! Ife tinatuluka filimu isanathe, ndalama yathu tinaisiya momwemo. Chimene chinkaopsa si kukuwa ayi, bamboyu sankakuwa. Ankalankhula pang'onopang'ono akumwetulira.

MphunzitsiWopuma
A Kanyimbi, mwafunsa bwino, koma nkhaniyi mwaiyambira kumchira. Inu mwamudziwira pa kanema, pamene ntchito yake yeniyeni inali pa siteji.

Anabadwa pa 5 Ogasiti 1934 ku Johannesburg. Anaphunzira pa St Peter's ku Rosettenville, sukulu ya mpingo wa Anglican imene Oliver Tambo anaphunzitsapo ndiponso Hugh Masekela anaphunzirapo. Luso lake loyamba silinali zisudzo. Ankaimba sakisofoni m'gulu la jazi la anyamata limene ankalisamala wansembe Trevor Huddleston, yemwe uja analimbana ndi boma pamene linkasamutsa anthu ku Sophiatown mu 1955.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anakumana ndi Athol Fugard, mnyamata wachizungu wokulira ku Port Elizabeth, amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki pa khoti loweruza milandu ya zitupa. Fugard ankalemba masewero koma analibe ndalama, analibe holo, analibenso anthu ophunzira zisudzo. Anangosonkhanitsa anzake a m'makomboni. Mokae anayamba ndi mbali yaing'ono mu No-Good Friday mu 1958, kenako anaseweranso mu Nongogo mu 1959.

Chimene chinasintha zonse ndi The Blood Knot mu 1961. Seweroli lili ndi anthu awiri okha, abale a mimba imodzi okhala m'chisakasa ku Korsten. Wina, Morris, ndi woyera khungu moti angathe kuyenda ngati mzungu. Wina, Zachariah, ndi wakuda bii, ndipo ndiye amagwira ntchito yodyetsa onse awiri. Fugard anatenga mbali ya Morris, Mokae ya Zachariah. Anasewera koyamba m'kachipinda ka pamwamba pa Dorkay House mu msewu wa Eloff, ndipo usiku woyambawo seweroli linatenga pafupifupi maola anayi. Taganizani, mzungu ndi munthu wakuda pa siteji imodzi, akutchulana m'bale, patangotha chaka chimodzi apolisi ataombera anthu 69 ku Sharpeville. Patapita zaka zochepa boma linakhwimitsa malamulo kuti zotere zisachitikenso.

Choncho munthu amene mukumudandaula kuti ankapatsidwa zotsalira anayamba ndi kusenza theka la sewero lathunthu pamutu pake.

Kanyimbi_BT
Zikomo aphunzitsi. Nanga zinatheka bwanji kuti akapezeke ku America?

MphunzitsiWopuma
Anaseweranso mu Dilemma, filimu imene Henning Carlsen wa ku Denmark anaijambula mobisa ku Johannesburg kuchokera m'buku la Nadine Gordimer. Zitatero kwawo kunatentha. Anapita ku London, anakaphunzira pa RADA, sukulu yotchuka ya zisudzo, ndipo mu 1963 anaseweranso Zachariah kumeneko pamodzi ndi Ian Bannen. Mu 1967 mumupeza mu The Comedians limodzi ndi Richard Burton, Elizabeth Taylor ndi James Earl Jones. Ku America anasamukira mu 1969.

Tsabola
Aphunzitsi, mbiri mwaifotokoza bwino, koma funso la a Kanyimbi simunaliyankhe. Ine ndinena mosapsatira. Munthu amene anathawa tsankho kwawo, n'chifukwa chiyani anakavomera kusewera mfiti yoika anthu m'manda amoyo, kuti azungu aziseka ndi kuopa anthu akuda? Filimu ija ya ku Haiti inationetsa ngati anthu a nyanga basi. Mu Vampire in Brooklyn ya Eddie Murphy alinso pa zomwezo za mizimu. Ndalama ndi yabwino, koma palinso ulemu. Akanakana.

Nachisale
Akanakana n'kumadya chiyani? Lendi ya ku New York mukanamulipirira ndinu?

Tsabola
Mayi, musandiyankhe ngati ndine mwana. Njala si chilolezo chochitira chilichonse.

Nachisale
Pepani achimwene ngati ndalankhula mokalipa. Ndikungoti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tikuweruza titakhala pamkeka kwathu, iye anali mlendo wopanda kobwerera.

WaZisudzo_Zomba
Ndilowepo, chifukwa ntchitoyi ndaigwira zaka zoposa makumi awiri m'maholo a sukulu ndi a mipingo.

A Tsabola, muioneninso filimu ija. Peytraud, munthu amene Mokae amasewerayo, si sing'anga wa kumudzi. Ndi mkulu wa a Tonton Macoute, apolisi a chinsinsi a banja la Duvalier limene linkalamulira Haiti, ndipo filimuyo imathera pa kugwa kwa pulezidenti Baby Doc Duvalier mu 1986. Olemba filimu ankafuna chilombo choopseza ana. Mokae anawapatsa wapolisi. Taonani mmene amakhalira pampando pofunsa mkaidi, mmene amaonetsera kuti alibe changu chifukwa akudziwa kuti palibe amene abwere kudzamuletsa. Munthu wokulira ku Johannesburg nthawi ya zitupa sanafunike kuphunzitsidwa kuti wapolisi wosaopa lamulo amayenda bwanji. N'chifukwa chake a Mlamu akuti chinkaopsa n'kumwetulira. Ufiti wa mufilimumo lero umaoneka wachibwana, koma wapolisiyo akuopsabe.

Ndiye pa za mbali zazing'ono. Pa Chichewa cha kusukulu timati pali mtengambali wamkulu ndi atengambali othandizira, ndipo ana amaganiza kuti othandizirawo ndi otsalira. Pa siteji sizili choncho. Wamkulu ali ndi sewero lonse kuti anthu amuzolowere, akalakwa koyambirira adzakonza kutsogolo. Wothandizira amalowa, ali ndi mphindi zitatu, ndipo m'mphindi zimenezo anthu ayenera kukhulupirira kuti munthuyu ali ndi kwawo, ali ndi mkazi, ali ndi ngongole, anadzuka m'mawa asanabwere pano. Ukalephera, nayenso wamkulu uja amagwa, chifukwa akulankhula ndi chithunzi osati munthu. Mphika suima pa fuwa limodzi.

Ine mbali imene anthu amandikumbukira nayo mpaka lero ndi ya mlonda wa pachipatala. Ndinali ndi mizere isanu ndi umodzi yokha. Ndinakhala masiku atatu pa geti la chipatala china kumangoona mmene mlonda amagwirira loko, mmene amayankhira osayang'ana munthu kumaso. Mizere ndinaloweza tsiku limodzi, koma kagwiridwe ka loko kananditengera sabata.

Tsabola
Luso sindikukana. Ndikukana filimuyo.

WaZisudzo_Zomba
Pamenepo tikhoza kugwirizana. Filimuyo inawalakwira anthu a ku Haiti pa za chipembedzo chawo. Koma mlandu umenewo ndi wa amene analemba ndi kuika ndalama.

Mbare_Mchinji
Ine ndinabadwira ku Harare, bambo anga anapita kumeneko kukagwira ntchito nthawi ya chitaganya. Mafilimu awiri amene mukutchulawa, Cry Freedom ya 1987 ndi A Dry White Season, onse anajambulidwa ku Zimbabwe chifukwa ku South Africa sikukanatheka. Ndikukumbukira nthawi ya Cry Freedom ankafuna anthu ambirimbiri oti akhale khamu, ndipo malume anga anapita nawo. Filimu itatuluka tinaionera banja lonse kufunafuna nkhope yawo m'chigulumo. Sitinawapeze, koma iwo mpaka kumwalira ankanena kuti anasewera limodzi ndi Denzel Washington. Mokae mmenemo ndi wansembe, Father Kani, amene amathandiza mtolankhani Donald Woods pa ulendo wake wothawira ku Lesotho.

Achimwene_Dee
Father Kani si John Kani uja, bambo ake a Black Panther?

MphunzitsiWopuma
Ayi, mayina angofanana. Father Kani ndi dzina la mufilimu, wosewera ndi Mokae. John Kani, amene mukumudziwa ngati mfumu T'Chaka, ndi munthu wina, nayenso wochokera m'manja mwa Fugard. Koma mu A Dry White Season muli onse atatu: Mokae ndi Stanley, Kani ndi loya Julius, ndipo Winston Ntshona ndi Gordon, bambo wophedwa uja.

Achimwene_Dee
Ndamva. Ndinawerengapo penapake kuti Mokae ndiye munthu woyamba wa ku Africa kupata Tony, mphoto yaikulu ya zisudzo za pa siteji ku America.

MphunzitsiWopuma
Si zoona zimenezo. Kani ndi Ntshona anamutsogolera, anapata limodzi mu 1975 chifukwa cha Sizwe Banzi Is Dead ndi The Island. Mokae anapata mu 1982. Mu 1993 anasankhidwanso kupikisana nawo chifukwa cha The Song of Jacob Zulu, sewero limene munaimba a Ladysmith Black Mambazo, koma ulendo umenewo mphoto inapita kwina.

Mlamu_wa_Chirimba
Koma abale, ma vidiyo sho aja anatiphunzitsa zambiri. Benchi ya thabwa limodzi, chinsalu chakuda pakhomo, chikuto cha tepi atachikhoma panja. Wa pakhomo ankangotiuza kuti lero kuli Rambo kapena Van Damme. Ena onse mufilimumo tinkawapatsa mayina tokha: wadazi uja, wa diso limodzi uja, mdala wa msomali uja.

Nachisale
Ndiponso mayina a kumapeto aja sankafika n'komwe. Mdani akangofa amazimitsa, ena alowe.

Kanyimbi_BT
Zoona mayi! Mwina n'chifukwa chake sitinawadziwe anthuwa.

Gogo_wa_Area25
Ana inu mukunena za vidiyo. Ife tinakulira pa wailesi. Kapalepale, Pamajiga, Sewero la Sabata Ino. Mawu tinkawadziwa onse, wina akangotsokomola tadziwa kuti walowa ndani, koma tikanakumana nawo pamsika sitikanawapatsa moni. Nkhani ya a Mokae yandikumbutsa zimenezo. Iwo nkhope inadziwika dzina ayi, athu aja mawu anadziwika nkhope ayi.

Achimwene_Dee
Agogo, nanga Izeki ndi Jakobo tiwaike mbali iti? Wamkulu anali ndani pamenepo?

Gogo_wa_Area25
Panalibe wamkulu. A John Nyanga akaponya, a Eric Mabedi amawakha. A Nyanga atatisiya mu 2016 zinaoneka poyera kuti nthabwala zija zinali za anthu awiri. A Mabedi nawo anapita mu 2021.

WaZisudzo_Zomba
Agogo mwanena zoona. Ndiwonjezere kuti ngakhale Du Chisiza Jr, amene dzina lake linkadzaza holo ya French Cultural Centre lokha, gulu lake la Wakhumbata silinali munthu mmodzi. Gertrude Kamkwatira anakulira mmenemo asanayambitse gulu lake. Koma pali ena ambiri amene anasewera amalume, anyakwawa, apolisi, azakhali kwa zaka ndi zaka, ndipo lero palibe pamene analembedwa. Ku America wina akafuna kudziwa zimene Mokae anasewera mu 1970 akazipeza. Kuno gulu likatha, mapepala amathera kukulungira mandasi.

Pa malipiro ndiye musanene. Bungwe lina linatiitana kukasewera m'midzi sabata ziwiri. Polipira anati wamkulu alandire kawiri kuposa enafe, chifukwa iwo anawerenga mizere. Mayi amene ankasewera apongozi, amene anthu ankabwerera kudzawaona mudzi uliwonse, analandira zochepa kuposa tonse.

Tsabola
Tabwererani ku Mokae, nkhani yasochera. Aphunzitsi, mphoto ya 1982 ija anapata atasewera chiyani? Musandiuze kuti wantchito wa mzungu.

MphunzitsiWopuma
Ndikuuzani zomwezo, a Tsabola: wantchito wa mzungu. Koma mumve kaye.

Seweroli ndi "Master Harold"...and the Boys, la Fugard yemweyo. Linayamba ku Yale Repertory Theatre ku America mu Malichi 1982, ndipo mu Meyi chaka chomwecho linafika pa Broadway, kumene kuli maholo akuluakulu a zisudzo ku New York. Nkhani ikuchitika mu 1950 m'tiyirumu ya ku St George's Park ku Port Elizabeth, masana amvula, kopanda kasitomala ndi mmodzi yemwe. Muli anthu atatu: Sam ndi Willie, operekera zakudya, ndi Hally, mnyamata wa zaka 17, mwana wa mwini tiyirumuyo. Mokae anali Sam. Willie anali Danny Glover, asanatchuke.

Bambo ake a Hally ndi chidakwa, ndiponso olumala. Amene anamulera mwanayu kwenikweni ndi Sam. Tsiku lina Hally ali wamng'ono anaitanidwa kukatenga bambo ake ataledzera ku bala, ndipo Sam ndiye anawabereka kumsana, mwana akutsatira pambuyo anthu akuonerera. Sam ataona kuti mwanayu wayamba kuyenda chowerama ndi manyazi, anamupangira kaiti ya timitengo ta bokosi la tomato ndi pepala, kuti aphunzire kuyang'ana kumwamba. Hally amakumbukira tsiku la kaitilo ngati tsiku losangalatsa koposa, koma samvetsa chifukwa chimene Sam anamusiyira yekha pa benchi. Benchiyo inali ya azungu okha.

Masana amenewo foni ikubwera yoti bambo akutuluka m'chipatala kubwerera kunyumba. Mnyamata uja ukali wonse wa pa bambo ake akuuthira pa Sam. Akumulamula kuti kuyambira lero azimutchula bwana, akunena nthabwala yonyoza anthu akuda, mapeto ake akumulavulira kumaso.

Apa ndi pamene pali ntchito ya Mokae. Sam angathe kumumenya mwanayo, ndipo akufunadi kutero. Angathenso kugonja ngati wantchito. Sachita zonse ziwirizi. Akupukuta nkhope, akumuuza mwanayo za benchi ija, n'kumusiyira mpata woti asankhe yekha ngati akhalebe pa benchiyo kapena anyamuke. Wosewera akalakwitsa pang'ono pamenepa, Sam amasanduka kapolo wokhululuka zilizonse, ndipo seweroli limasanduka lotonthoza azungu. Mokae anamusewera ngati bambo, munthu yekhayo wamkulu m'chipindamo.

Ndipo si nkhani yopeka. Dzina lonse la Fugard ndi Harold Athol Lanigan Fugard, kunyumba ankamutchula Hally, mayi ake ankayendetsadi tiyirumu imeneyo, ndipo iye mwini anavomera poyera kuti ali mwana analavulira wantchito wawo Sam Semela. Pofuna munthu woti amusenzetse chinthu chimene chinamuvutitsa moyo wonse, anatenga mnzake wa ku Dorkay House uja.

Tsabola
Ndawerenga kawiri. Pa seweroli ndagonja. Komabe taonani: mzungu walavula, mzungu walemba, mzungu wakhululukidwa. Wakuda ntchito yake ndi kupukuta nkhope bwino.

MphunzitsiWopuma
Mfundo imeneyo anthu ena a ku South Africa komweko anainenapo za Fugard, ndipo si yopepuka. Ndingokonza pamodzi: seweroli silithera pa kukhululukirana. Hally amatuluka kupita mumvula osapepesa. Otsala ndi Sam ndi Willie, akuponya ndalama ya basi ya Willie m'makina oimbira nyimbo, n'kumavina awiriwiri.

Nachisale
Chondidabwitsa n'chakuti, malinga ndi mmene mwafotokozeramu, Sam ali pa siteji kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nanga mphotoyo inali ya wamkulu kapena ya wothandizira?

MphunzitsiWopuma
Ya wothandizira, mayi.

Nachisale
Ndiye a Kanyimbi sanalakwe podandaula.

Namwino_Leeds
Ndachedwa kulowa, ndinali pa ntchito ya usiku. Ine Mokae ndinamudziwira pena posiyana ndi nonsenu. Mu The West Wing, sewero la pa TV la za nyumba ya pulezidenti wa America, muli gawo lina la mu 2000 mmene iye ndi Pulezidenti Nimbala wa dziko lopeka la mu Africa. Wabwera ku Washington kudzakambirana ndi makampani a mankhwala kuti atsitse mtengo wa mankhwala a Edzi. Amaoneka gawo limodzi lokhalo basi.

Ndinalionera ndili kale kuno, ndipo ndinalira. Chaka cha 2000 ndinali pa wodi kumudzi, nthawi imene tinalibe choti n'kuwapatsa odwala kupatula panado ndi bakitirimu. Achemwali anga anapita chaka chimenecho. Mu gawolo wina amanena kuti ngakhale mankhwalawo ataperekedwa ulere sizingathandize, chifukwa anthu ake alibe mawotchi oti azidziwira nthawi yomwera. Mawu otero ankanenedwadi masiku amenewo. Ma ARV aulere atayamba kwathu mu 2004, ndinaona ndi maso anga agogo osadziwa kuwerenga akumwa mankhwala pa nthawi yake osaphonya, ena akuyendera wailesi, ena dzuwa.

Chimene Mokae anachita n'chakuti sanasewere wopemphetsa. Anasewera munthu wamkulu amene akudziwa kuti akupempha, zikumuchititsa manyazi, koma apemphabe chifukwa anthu akufa. Kumapeto amauzidwa kuti asilikali alanda boma kwawo, amamupempha kuti akhale ku America, iye n'kukana. Amabwerera ndipo amaphedwa atangofika. A Tsabola, ngati mukufuna kuona ulemu umene mukunenawo, kapezeni gawo limeneli.

Tsabola
Pepani za achemwali anu, mayi. Ndikalifuna.

Mbare_Mchinji
Funso lina. Iyeyu wa ku South Africa anasewera munthu wa ku Haiti, wa ku Zaire, wa ku Namibia, wa dziko lopeka. Kwa azungu munthu wakuda aliyense ndi wa kulikonse. Si zomwe zinachitikanso ndi filimu ya William Kamkwamba mu 2019? Bambo ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, mwana ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, mfumu ndi Joseph Marcell uja wa mu Fresh Prince. Chichewa chake tonse tinachimva mmene chinkamvekera.

Achimwene_Dee
Koma anayesetsa, anajambulira ku Kasungu komweko. Ndipo Lily Banda analimo.

Gogo_wa_Area25
Mwana ameneyo akangoyankhula khutu limapuma.

WaZisudzo_Zomba
Kusewera munthu wa kwina si tchimo, ndiyo ntchito yathu. Ine wa ku Zomba ndaseweraponso mfumu ya Chingoni. Vuto limabwera pamene opanga filimu sakusiyanitsa n'komwe, akungofuna nkhope yakuda ndi kalankhulidwe kachilendo. Wosewera wabwino amaika yekha kusiyanako. Dokotala Iwabi wa mu Outbreak ndi Peytraud ndi anthu awiri osiyana kayendedwe ndi kapenyedwe komwe, ngakhale olemba sanavutike nazo.

A Mbare mwatchula Namibia. Imeneyo ndi Dust Devil ya 1992, ndipo a Kanyimbi muipeze, chifukwa mmenemo sali wa mphindi zitatu. Ndi wapolisi wofufuza, Ben Mukurob, ndipo mbali yaikulu ya filimuyo ili pa iye.

Kanyimbi_BT
Ndalemba. Ndibwerere ku A Dry White Season pang'ono, chifukwa ndi imene yandiyambitsa zonsezi. Marlon Brando ali mmenemo mphindi zowerengeka ngati loya, ndipo ndaona kuti anasankhidwa kupikisana nawo pa Oscar. Mokae ali mufilimu yonse, ndiye amanyamula mauthenga, amapeza mboni, amabisa mapepala, ndiye amatseka nkhani ndi mfuti kumapeto. Palibe anamutchula.

MphunzitsiWopuma
Brando anali atakhala zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi osaoneka pa kanema, choncho kubwerera kwake kunali nkhani payokha. Koma kudandaula kwanu n'komveka. Mudziwenso kuti mathero amenewo m'buku la André Brink la 1979 mulibe. Anawaika ndi Euzhan Palcy, mayi wa ku Martinique amene anatsogolera filimuyo, mkazi wakuda woyamba kupatsidwa filimu ndi kampani yaikulu ya ku Hollywood. Sanafune kuti nkhani ya anthu akuda ithere pa imfa ya mzungu wachifundo, ndiye anapereka mawu omaliza kwa Stanley.

Mlamu_wa_Chirimba
Kodi kwawo anabwererako?

MphunzitsiWopuma
Funso limeneli lili ndi yankho lowawa. M'masiku omwe ankalandira mphoto ya Tony mu 1982, anamva kuti mng'ono wake waweruzidwa kuti anyongedwe pa mlandu wa umbava umene panafa anthu. Mokae anali atatha zaka pafupifupi makumi awiri osaponda kwawo. Anabwerera chifukwa cha nkhani imeneyo, koma mng'ono wakeyo sanapulumuke.

Nthawi zina ndimaganiza za 1985, pamene iye ndi Fugard anabwerezanso The Blood Knot ku Yale ndi pa Broadway, onse atapitirira zaka 50. Sewero lonse ndi la m'bale amene sungathe kumuthawa ndiponso sungathe kumupulumutsa. Mu 1961 ankasewera nkhani yolembedwa ndi mnzake. Mu 1985 anali atadutsamo yekha.

Nachisale
Mayo ine. Tsiku la chimwemwe n'kukhalanso la maliro.

Namwino_Leeds
Anamwalira pa 11 Sepitembala 2009 ku Las Vegas, ali ndi zaka 75, atadwala sitiroko. Zaka zomalizazo ankavutikanso ndi matenda a Parkinson. Ndimasamala odwala otere tsiku ndi tsiku. Matendawa amaumitsa nkhope, munthu amamva zonse mumtima koma nkhope siisonyeza, ndipo mawu amatsika mpaka kunong'ona. Ndikaganiza kuti zinagwera munthu amene chuma chake chonse chinali nkhope ndi mawu, zimandikhudza kwambiri.

Tsabola
Ine pa filimu ya ku Haiti ija sindinasinthe maganizo. Koma ndinalakwa kumuyeza ndi filimu imodzi.

Achimwene_Dee
Sewero la tiyirumu lija tingalionere kuti? Pa siteji ndiye sitingamupezenso.

MphunzitsiWopuma
Linajambulidwa pa TV mu 1985. Mokae ndi Sam, John Kani ndi Willie, Matthew Broderick ndi Hally. Pali linanso la 2010 la anthu ena, musasokoneze. Funani la 1985.

WaZisudzo_Zomba
Aphunzitsi, buku la seweroli muli nalo? Anthu atatu, matebulo awiri, ndowa ndi chikolopa, basi. Ndili ndi mdala wina m'gulu mwathu amene wakhala akusewera anyakwawa ndi alonda kuyambira 1998, sanapatsidwepo mbali yoposa tsamba limodzi. Ndikufuna awerenge Sam, ngakhale pongoyeserera pathu.

MphunzitsiWopuma
Ndili nalo, lakutha chikuto koma masamba onse alipo. Mwana wanga akupita ku Zomba Lachisanu. Ndilembereni kumbali mundiuze poti akalisiye.

Kanyimbi_BT
Tsiku loyeserera mundiuze, ndikwera basi kudzaonera.